Chakudya cha Dzanja Limodzi

Dzina lawo lenileni linatsalira m'mapepala a ku ofesi. Ku fakitale ya sopo kumene anaphika zaka makumi atatu ndi chimodzi, wamkulu ndi wamng'ono yemwe ankawatchula a Chipande, poti chipande sichinkachoka m'manja mwawo. Polankhula ankalozera ndi chipande, pokalipa ankagogoda nacho pa poto, ndipo munthu akati adumphe mzere ankangoona chipande chamuloza pamphuno, n'kubwerera yekha kumbuyo osauzidwa. Masana aliwonse ankadyetsa anthu mazana atatu. Ankamudziwa amene sadya tsabola, amene amabwera kawiri atavula chipewa kuti asazindikiridwe, ngakhalenso amene akudwala koma akubisa, chifukwa munthu wotero amayamba ndi kusiya chakudya m'mbale.

Atapuma pa ntchito, vuto linakabukira kunyumba. Manja awo sankadziwa kuphikira anthu awiri. Akati aphike nyemba zongokwanira iwo ndi akazi awo, poto ankadzaza mpaka chivindikiro kumavina pamwamba. Akazi awowo, amene anasoka zovala za anthu pakhonde la sitolo mpaka maso ndi mawondo zitawakana, ankasuzumira m'khitchini n'kugwira pakamwa.

"Abambo, kodi kukubwera alendo?"

"Alendo ake ati?"

"Nanga asilikali amene mwawaphikirawa agona kuti?"

"Ndangothira pang'ono, mayi."

"Pang'ono panupo tidya mpaka Lachisanu, ndipo ine pofika Lachitatu ndikhala nditasamuka."

Mapeto ake anagula filiji yakale kwa munthu wina amene ankatseka golosale yake, ija ya bokosi yotsekulira pamwamba, youmitsa chinthu gwa ngati mwala. M'khitchini sinakwane, choncho anaiika m'kanjira kopita kuchipinda, moti aliyense wodutsa ankayenda chammbali ngati nkhanu. Pamenepo a Chipande anayambanso sukulu atakalamba. Ku fakitale chakudya sichinkagona. Ankaphika m'mawa, pofika madzulo mapoto ali mbee. Tsopano anayenera kuphunzira zakudya zimene zimapirira kuzizira ndi zimene zimakana. Nyemba, mphodza, nyama yogaya ndi msuzi wa nkhuku zinkatuluka ngati zaphikidwa dzulo. Mbatata yowiritsa inkatuluka ili madzi okhaokha. Dzira lowiritsa linkasanduka mphira, loti utaliponya pansi likhoza kukubwerera. Botolo la supu limene analidzaza mpaka pakhosi analipeza litang'aluka, n'kudziwira pomwepo kuti madzi akamaundana amafufuma ndipo amafuna kuwasiyira malo.

Chaka chachiwiri chipumire pa ntchito, mwana wawo woyamba, wamkazi, amene ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala, anawauza kuti ndi woyembekezera. Iye ndi mwamuna wake ankakhala kutsidya lina la mzinda, ulendo wa mabasi awiri, m'nyumba zosanjikizana, pansanjika yachitatu kopanda chikepe. Mayi ake anawerenga masitepewo m'mutu n'kuyang'ana mawondo awo. Anadziwa kuti akakwera kamodzi, kutsika kwake n'kwa pa machira. Mkamwini naye, amene ankagwira ntchito kosindikiza mabuku, anali atauzidwa kale kuti tchuthi chake chidzakhala cha masiku asanu okha.

"Ndiye ndipita ndine," anatero a Chipande.

"Mukayamwitse?" anafunsa akazi awo.

"Ndikadyetse woyamwitsayo."

Kutatsala milungu itatu, anatembenuza kalendala yakale n'kulemba kumbuyo kwake chakudya cha masiku makumi atatu, monga ankachitira ku fakitale. Kenako anateleka mapoto atatu nthawi imodzi. Akazi awo anakhala pa kampando pakhomo la khitchini, akudula tizidutswa ta tepi ya pepala n'kumalembapo dzina la chakudya ndi tsiku lophika, kuti amate pa mabakuli.

"Mwanayu ali ndi mwayi," anatero kenaka, maso ali pa tepi. "Ine nditabereka iyeyu ndinadya buledi ndi tiyi mwezi wathunthu."

A Chipande anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala zawo za masiku onse. "Inuyo? Mkazi wa wophika?"

"Mkazi wa wophika yemweyo."

A Chipande anazimitsa moto wa poto mmodzi n'kutembenuka. Nthawi imene akazi awo ankanenayo ankaikumbukira bwino. Anali atangofika kumene mumzindamo, akukhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa galaja, opanda m'bale aliyense pafupi. Iwo ankachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa.

"Mwana ankalira ndikangomuika pansi," anapitiriza akazi awo. "Ndikati ndiyatse moto, walira. Ndikati ndisende anyezi, walira. Tsiku lina ndinateleka mpunga n'kukhala pansi kuti ndimuyamwitse, tulo n'kundiba. Ndinadzidzimuka utsi uli tolo m'nyumba, mwana akutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo moto ndinkauopa. Buledi sawotcha nyumba."

"Koma ndinkakufunsani. Tsiku lililonse ndikalowa ndinkafunsa ngati mwadya."

"Inenso ndinkayankha kuti ndadya."

"Nanga munkanamiranji?"

"Munkafika mapazi atatupa, mutadyeratu kuntchito. Ndikanati sindinadye mukanayambanso kuphika, mawa lake n'kukagwera m'poto ndi tulo. Komanso ndinali mwana, abambo, zaka makumi awiri zokha. Ndinkayesa kuti akazi anzanga onse amakwanitsa, wolephera ndine ndekha. Ndinkachita manyazi." Anamata tepi pa bakuli n'kuisalaza ndi chala. "Sikuti ndikukuimbani mlandu. Ndangokumbukira poona mabakuliwa."

A Chipande anabwerera ku chitofu n'kumatakasa nyemba zosafunika kutakasa. Anakumbukira kuti masiku amenewo madiresi a akazi awo ankangolendewera m'thupi, iwo n'kumati ndi mmene zimakhalira munthu akabereka. Anakumbukiranso china chimene chinawalasa kwambiri. Akafika madzulo ankapeza mapoto onse ali oyera, atasanjidwa bwino pakona, ndipo ankawayamikira akazi awo kuti ndi aukhondo. Munthu wozindikira wodwala pakati pa anthu mazana atatu pongoyang'ana mbale, sanafunsepo chifukwa chimene mapoto a m'nyumba mwake sankadera. Tsiku limenelo anaphika mpaka mabakuli onse atatha.

Mwana anabadwa Lamlungu m'mawa, wamkazi. Tsiku limene anatuluka m'chipatala, a Chipande anakwera masitepe aja ndi zikwama ziwiri, muli mabakuli akuluakulu asanu ndi limodzi, lililonse lokwanira anthu khumi. Anawakankhira m'kachipinda koumitsira ka filiji ya ana awowo mpaka chitseko kutseka mokakamiza. Anamuimika mkamwini n'kumufotokozera ngati wophika watsopano: ichi ndi nkhuku, ichi nyemba, ichi nyama, ndipo chinthu chikasungunuka chisabwererenso m'filiji, chidyedwe. Anamuona mdzukulu ali m'tulo, n'kutsika masitepe mtima uli m'malo.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi anapitanso kuti akatenge mabakuli amene atha. Mkamwini anali atabwerera kale kuntchito. Anagogoda katatu chitseko chisanatseguke. Mwana wawo anaima pakhomo khanda lili paphewa, tsitsi lili nyankhalala, bulauzi itanyowa mbali imodzi. Pa tebulo panali makapu atatu a tiyi wozizira, wina atachita kale khungu pamwamba, ndi paketi ya buledi yotsegula.

"Wadya, mwana wanga?"

"Ndadya, bambo."

Mawuwo anawadutsa m'thupi ngati madzi ozizira. Anapita m'khitchini n'kutsegula filiji. Mabakuli onse asanu ndi limodzi anali mmene anawasiyira, atachita chisanu mbuu pamwamba. Choyamba kubwera chinali mkwiyo wa wophika amene mbale yake yabwezedwa.

"Chakudya changa chalakwa chiyani?"

Mwana wawo anayamba kulira, kulira kwa munthu wotopa, kopanda mawu. "Sichinalakwe, bambo. Bakuli limodzi limatenga tsiku lonse kuti lisungunuke. Ndikamakumbukira zolitulutsa, njala yandipweteka kale. Ndipo munanena nokha kuti chikasungunuka chisabwerere. Ndiye nkhuku ya anthu khumi ndiimaliza ndekha? Dzana ndinati ndibenthuleko ndi mpeni." Anawaonetsa chala chachikulu chomangidwa pulasitala. "Komanso nkhukuyo ili ndi mafupa, imafuna manja awiri. Supu ndikuopa kumutayira mwana pamutu. Ine ndili ndi dzanja limodzi, bambo. Linalo lili ndi mwini wake."

"Amuna akonso umawauza kuti wadya?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

A Chipande anavula jekete. Anamiza bakuli la nkhuku m'beseni la madzi otentha mpaka chibuma chija chitalekana ndi pulasitiki, n'kuchikhuthulira m'poto pa moto wapansipansi. Chitasungunuka anasankhula mafupa onse ndi zala, anaphika mpunga pang'ono, n'kuika zonse m'mbale imodzi ndi supuni. Kenako anasamba m'manja kawiri.

"Bweretsa mwanayo kuno."

"Alira, bambo."

"Alire. Ine ndamvapo kulira kwa sayilini ya fakitale zaka makumi atatu."

Anamulandira ngati thireyi ya mazira. Kunena zoona, khanda la msinkhu umenewu anali asanalinyamulepo kwa nthawi yopitirira mphindi ziwiri, ngakhale ana awo omwe. Mdzukulu anatsegula kukamwa n'kuyamba. A Chipande sankadziwa nyimbo ya ana ngakhale imodzi, choncho anayamba kuyenda uku ndi uku m'kanjira ka m'nyumbamo akutchula chapansipansi chakudya cha ku fakitale: Lolemba nyemba ndi kabichi, Lachiwiri nyama, Lachitatu nyemba zomwezo koma kabichi tam'sintha dzina. Pofika Lachisanu lachitatu, khanda linali zii.

Atasuzumira kuchipinda chochezera anaona mwana wawo akudya atakhala pansi, manja onse awiri ali pa tebulo. Anamaliza mbale, anapala ndi supuni, kenako anatsamiritsa mutu pamkono n'kugona pomwepo. A Chipande anaima ola lathunthu osayerekeza kukhala, poopa kuti mpando ungalire.

Kunyumba anawafotokozera akazi awo zonse, osabisa ngakhale mkwiyo wawo uja. Akazi awo sananene kuti ndinkadziwa. Anangotenga kapu yawo ya tiyi pa shelefu n'kuwapatsa.

"Muziyezera iyi. Makapu awiri ndi munthu mmodzi. Mukapitirira, ndikulandani poto."

Anayambiranso. Mabakuli akuluakulu anawakweza pamwamba pa kabati. Anagula timabakuli ting'onoting'ono ndi timatumba tapulasitiki totseka pakamwa. Chakudya akachithira m'kathumba ankachipapatiza mpaka chitapyapyala ngati chala, kuti chikaumitsidwa chiziima m'filiji ngati mabuku pa shelefu, ndipo ukachimiza m'madzi ofunda chisungunuke mwana asanamalize bere limodzi. Fupa lililonse analichotsa. Msuzi anaulimbitsa kuti usamadonthe pa supuni. Mpunga ankauyala pa thireyi kuti uzizire msanga asanautsekere, chifukwa mpunga wofunda ukakhalitsa umatsegula m'mimba. Anakanda ufa wa tirigu n'kuphika timabanzi tokhala ndi nyama yogaya ndi karoti m'kati, n'kukulunga kalikonse pakokha.

Kenako anachita chinthu chimene akazi awo anakhala akufotokozera aliyense wobwera pakhomopo kwa zaka zambiri. Anatenga paketi yaikulu ya shuga, anaikulunga m'thaulo, n'kuinyamula kudzanja lamanzere. Ndi dzanja lamanja lokha anayesa kutsegula filiji, kutulutsa chakudya, kuchitenthetsa ndi kuchidya. Kabakuli kalikonse ka chivindikiro chouma, chofuna manja awiri, anakachotsa ntchito. Makaroni ataliatali anagwa mayeso. Nandolo zinathawa pa supuni n'kugwera pa thaulo.

"Mwam'thira nandolo m'khutu mwana wanuyo," anatero akazi awo, misozi ya kuseka ili m'masaya. "Wageya koma?"

"Sekani, mayi. Ine ndili pa ntchito."

Kuyambira pamenepo ankapita Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Akafika sankafunsanso ngati munthu wadya. Ankatsegula filiji n'kuona timatumba tatsala tingati, kenako n'kunyamula mdzukulu kuti mayi ake asambe kapena agone. Tsiku lina anakumana ndi mkamwini pa masitepe n'kumuimitsa.

"Akamwini, ndikuuzeni chinthu chimene ine ndinachidziwa mochedwa. Mukafika madzulo, musamafunse ngati akazi anu adya. Muziyang'ana mu sinki. Mukapeza mbale zoyera zokhazokha, vulani jekete."

Mnyamatayo anachita manyazi, koma anamva.

Pansi pa nyumba zosanjikizanazo panali kashopu kometera tsitsi. A Chipande ankapumirapo asanayambe masitepe, chikwama chili pakati pa miyendo. Wometayo anali mnyamata wamtali, wolongolola, wa zaka ngati za mkamwini wawo, ndipo iye ndi mkazi wake ankakhala pansanjika yachiwiri.

"Madala, mpando wanga mukuutha, koma mutu wanuwo ulibe ntchito kwa ine," ankatero poyang'ana dazi lawo.

"Metani nsidze, mwana wanga, kuti mtima ukhale pansi."

Tsiku lina wometayo anazimitsa makina n'kufunsa chimene chimakhala m'chikwamamo. A Chipande anamuonetsa. Anatembenuza kathumba ka mphodza m'manja mwake, n'kuwerenga tepi. Kenako ananena, mawu atatsika, kuti mkazi wake naye watsala ndi miyezi iwiri, mwana woyamba, ndipo abale awo onse ali kutali. Iye kuphika kwake kunali kuwiritsa madzi.

"Sindikupempha, madala. Ndikungofunsa kuti zimenezi amagulitsa kuti."

"Sagulitsa. Akazi anu sadya chiyani?"

Anawaphikira timatumba makumi awiri ndi timabakuli khumi. Akazi a a Chipande, amene tsopano ntchito ya tepi inali itawakoma, anayamba kuwonjezera timawu pansi pa tsiku: *Idyani asanadzuke. Zochapa zidikire. Bambo ake atsuke mbale.* Pa tina anajambulapo kankhope ka khanda kotsegula kukamwa. Zonse zinadikira m'filiji ya m'kanjira ija, pakona yakeyake.

Lachisanu lina a Chipande anapeza shopu yometera ili yotseka. Anamwetulira, poganiza kuti nthawi yakwana. Atafika pamwamba anapeza mwana wawo maso ali ofiira. Anawauza kuti mkazi wa wometa anapita kuchipatala Lachiwiri madzulo, ndipo mwana anabadwa atamwalira kale. Anali atabwerako dzulo lake ndi mwamuna wake, awiri okha. Iye anawamva akukwera masitepe pang'onopang'ono, ndipo anatseka pakamwa pa khanda lake ndi bere kuti lisalire iwo akudutsa.

Madzulo ake a Chipande anaima pa filiji yawo chitseko chili chotsegula, mpweya wozizira ukuwakwera kumaso. Timatumba tija tinali titaima pamzere, tinkhope tojambula tikuwayang'ana.

"Nditani nazo, mayi? Ndikapita nazo ndikawakumbutsa. Ndikapanda kupita ndiye kuti ndinkaphikira mwana, osati iwo."

Akazi awo anafika chotsimphina n'kugwira m'mphepete mwa filijiyo. "Mtsikana uja wabereka, abambo. Thupi lake silikudziwa kuti mwana kulibe. Likuwawa chimodzimodzi, mkaka ubwera chimodzimodzi, njala nayo ibwera. Kusiyana kwake n'kwakuti anthu azimuopa. Kwa wobereka mwana wamoyo anthu amathamangirako. Kwa uyu azidutsa pakhomo chonyang'ama. Tulutsani zonse, mundipatse tepi."

Anakhala pa tebulo awiriwo. A Chipande ankamatula tepi yakale, zala zikuuma ndi kuzizira, akazi awo n'kumalemba yatsopano. Dzina la chakudya ndi tsiku, basi.

M'mawa mwake anakwera masitepe mpaka pansanjika yachiwiri. M'basi monse anali akukonza mawu, koma chitseko chitatseguka onse anabalalika. Wometayo anali ndi ndevu za masiku anayi, atavala malaya mopindula. Anayang'ana chikwama, n'kuyang'ana pansi.

"Madala, sitinabwere naye."

"Ndamva, mwana wanga. Pepani kwambiri."

"Ndiye zimenezi kapatseni ena. Ife sitikuyenera."

"Ndinaphikira inu ndi akazi anu. Ndiloleni ndingoika m'filiji, sindikhalitsa."

Wometayo anapatuka. M'nyumbamo makatani anali otseka. Pakona panali kabedi ka mwana, wina atakafunditsa nsalu ya pabedi. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseka ndipo kunalibe phokoso lililonse. Filiji yawo inali yaing'ono, yolowa timatumba tisanu ndi titatu tokha. A Chipande anali ataganiza zosungitsa totsalato pamwamba kwa mwana wawo, koma ataima m'khitchini muja anaona kuti sizingatheke kumutuma munthu ameneyu kukagogoda kunyumba kumene kuli khanda kuti akatenge chakudya. Anabweza totsalato m'chikwama.

Anamuonetsa mmene angamizire kathumba m'madzi ofunda ndi mmene angatenthetsere mpaka nthunzi itatuluka pakati penipeni.

"Akukana kudya," anatero wometayo. "Ndayesa."

"Musawafunse ngati akufuna. Tenthetsani pang'ono, muike pafupi ndi bedi, inu mukhale pomwepo muzidya zanu. Akasiya, chotsani osanena kanthu. Pakapita maola atatu, chitaninso. Inunso muzidya. Ndibweranso Lachiwiri."

Anabweradi, ndi Lachisanu lotsatira, ndi milungu ina isanu ndi umodzi. Ankayamba pansanjika yachiwiri asanakwere kwa mdzukulu, kuti asafike pakhomo la anthuwo malaya akununkhira khanda. Mkazi wa wometa sanamuone ngakhale kamodzi. Ankangoona mu filiji kuti nkhuku yatsala, nyama yatsala, mabanzi akudya mwamuna, koma mphodza zophika ndi karoti ndi jinja zikutha. Choncho anawonjezera mphodza osafunsa.

Shopu inatsegulidwa patatha mwezi. Nthabwala za dazi sizinabwerere msanga, ndipo a Chipande sanazikakamize. Ankakhala pa mpando uja, n'kumaonera tsitsi la anthu likugwa pansi.

Loweruka lina masana, miyezi itatu itadutsa, kunamveka kugogoda kunyumba kwa a Chipande. Anali wometa uja atanyamula jumbo ya timabakuli totsukidwa bwino, zivindikiro zitasokonekera, china chosakhala chawo n'komwe. Kumbuyo kwake kunaima mtsikana wamfupi, woonda, atagwira chikwama chake ndi manja onse awiri patsogolo.

"Madala, awa ndi akazi anga. Akuti akufuna aone kumene mphodza zija zimachokera. Inenso ndabwera kuti mundiphunzitse. Sindingakhale ndikudikira Lachiwiri moyo wanga wonse."

Mtsikanayo anapereka moni chapansipansi. Akazi a a Chipande anadzuka pa mpando wawo movutikira n'kumugwira pamkono.

"Asiyeni amunawa aotche khitchini. Ife tiyeni kuseri, kuli kamthunzi. Mundigwire bwino, mawondowa si anga."

A Chipande anamuveka wometayo epuloni yawo yakale ya ku fakitale, imene inamufika m'ntchafu mokha. Anamupatsa mphodza kuti asankhe timiyala, kenako karoti ndi mpeni. Munthu wodziwa kuyendetsa lezala kuseri kwa khutu la mnzake osamucheka anagwira mpeni wa kukhitchini ngati akuopa kuti umuluma.

"Pindani zalazo. Mukazidula, anthu muziwameta ndi chiyani?"

"Madala, karoti ameneyu akuthawa."

"Mutu wa mwana wa zaka zitatu suthawa? Mumaugwira bwanji? Gwirani choncho."

Pa windo la khitchini ankatha kuwaona akazi awiri aja atakhala pa benchi pansi pa chingwe choyanikira zovala. Poyamba ankalankhula ndi akazi awo okha. Kenako mtsikana uja anayamba, ndipo analankhula nthawi yaitali, akazi awo akungomvetsera, dzanja lawo lili pa bondo lake. Mphodza zinapsa, zinazizira, wometa anazithira m'timatumba n'kuzipapatiza mokhotakhota, koma kuseri kuja nkhani inali isanathe. A Chipande anateleka madzi a tiyi n'kumuuza mnyamatayo kuti akhale pansi, asawaitane.

Alendowo anachoka dzuwa litapendeka. Zimene anakambirana pa benchi paja akazi awo sanazinene, ndipo a Chipande sanafunse. Anatsuka mapoto, akazi awo akupukuta atakhala pansi.

"Mtsikana uja akuti jinja mumachulutsa," anatero akazi awo.

"Ndiye bwanji ankamaliza?"

"Akuti n'chinthu chokhacho chimene ankachimva kukoma m'kamwa masiku amenewo. Koma panopa akuti muchepetseko."